Kuno Felesiya, ku Zambia Dolika

Amayi anu akhala akundiumiriza kuti ndilembe za moyo wanga, mudzakhale ndi chowerenga ndikadzapita. Ndavomera chifukwa kukhala pakhonde n'kumayang'ana nkhuku za eni kwanditopetsa, osati chifukwa muli zokoma. Za ubwana wanga musayembekezere. Ndinabadwa, ndinaweta mbuzi, ndinasiya sukulu ndili Folomu 2 chaka chimene fodya wa agogo anu anawolera m'chigafa. Anzanga amene ndinkawaonetsa masamu anapitirira, ena lero amayenda pa galimoto za boma. Ine ndinatsala ndi dzanja lolemba bwino ndi mtima wapachala. Ndiyambira pa ntchito, chifukwa kumeneko n'kumene kuli yankho la funso limene mumanong'onezana, loti ana a malemu akulu anga a Yohane anasiyiranji kundipatsa moni.

Chaka cha mavoti a zipani zambiri, 1994

Ntchito yanga yoyamba inali pa kachipatala kena m'dera la mfumu Zulu, kanyumba ka malata kamene chipinda chake chodikirira chinali mtengo wa mango. Mkulu wa pamalopo anali a Mwale, bambo wamfupi wosaseka. Ananditenga ngati wosesa. Tsiku loyamba anandipeza ndikuwerenga chikalata cha pakhoma, tsache lili m'khwapa.

"Iwe, umatha kulemba?"

"Ndimatha."

"Nanga kukhala chete?"

"Chimenecho sindinaphunzire."

"Uphunzira. Khala apo uzilemba matikiti. Ukatha usese."

Tikiti kanali kapepala kolembapo dzina, mudzi ndi zaka, m'munsi mwake a Mwale n'kulemba matenda ndi mankhwala. Nthawi imeneyo Amalawi tinalibe zitupa, choncho dzina limene munthu wanena linali lomwelo. Ukafunsa mayi kuti dzina ndani, ankati Naphiri. Naphiri uti? Wa kwa Zulu. Ukadzutsa mutu n'kuyang'ana mzere, theka anali Anaphiri a kwa Zulu, otsalawo Anabanda. Zaka ankakuuza kuti anabadwa chaka cha dzombe, iwe n'kumayerekeza poyang'ana mano. Matenanti a m'maesiteti a fodya, ochokera ku Mulanje ndi ku Thyolo, ankatchula esiteti ngati mudzi wawo, chaka chotsatira n'kubwera ndi esiteti ina, mwinanso ndi dzina lina ngati kwa bwana wakale anachokako mosatsanzika. Mapepala ankatitherera. Mavoti atadutsa tinakamatula zithunzi za andale m'mitengo, n'kumazidula ndi lumo, kumbuyo kwake n'kumalembako. Munthu ankabwerera kwawo ndi malungo mbali ino, mphuno ya phungu mbali inayo. Ndipo tikitiyo sinkafika patali. Azibambo ankapichirira chingambwe, azimayi ankakulungira soda.

Khansa ndinayamba kuiona pamenepo, ngakhale dzinalo sitinkalitchula. Kunabwera mkulu wina wa pa esiteti amene chakudya chinkamukanira pakhosi. A Mwale anamutumiza ku Lilongwe. Anabwerako ataonda ngati ndodo, pepala la kumeneko litanyowa ndi mvula pa lole, inki yonse itasungunuka.

"Anakuuzani chiyani kumeneko, bambo?" anafunsa a Mwale.

"Anati ndipite kwathu ndikapume."

"Anakujambulani?"

"Anandilowetsa chipaipi."

"Anapeza chiyani?"

"Ankalankhula Chizungu okhaokha."

"Nanga mankhwala anakupatsani otani?"

"Oyera. Ena oyererako."

A Mwale anapukusa mutu n'kundiuza kuti ndilembe tikiti yatsopano. Tinayambiranso pa dzina, ngati munthu wangobadwa kumene. Ulendo wonse wa ku Lilongwe, chipaipi chonse chija, zinapita pachabe. Ndinaona tsiku limenelo kuti mbiri ya wodwala imasungidwa m'mutu mwa wodwalayo, pamene wodwalayo anali asanamve liwu ndi limodzi lomwe la zimene ananena pa iye.

Chaka cha njala, 2002

Ananditumiza ku chipatala chokulirapo chapafupi ndi malire. Kumeneko anayamba kunditchula kalaliki, ngakhale m'mabuku a boma ndinakhalabe wosesa. Woyang'anira ofesi anali a Gondwe, munthu wa tayi ngakhale mu Okutobala. Nditapempha kuti andikweze, anandiyankha mokoma kwambiri.

"Gelesoni, ntchito umaitha, palibe angatsutse. Koma pepala ulibe."

"Ndiye muitane pepalalo lidzalembe odwala, ine ndikasese."

Mawu amenewo anandisunga pa mpando womwewo mpaka tsiku lopuma ntchito. Musatengere.

Nthawi yomweyo kunabwera timabuku ta odwala, toti munthu aziyenda nako kulikonse, dokotala aliyense azilembamo. Nzeru yake inali yabwino. Koma chinali chaka chimene anthu ankadya gaga ndi zitsa za nthochi, ndipo palibe ankaganiza zogulira mwana aliyense kabuku kake. Kamodzi kankagwira nyumba yonse, nthawi zina ndi oyandikana nawo omwe. Ndinagwirapo kabuku ka bambo wandevu kolembedwa kuti ali ndi pakati. Mafayilo a ogonekedwa tinkasunga m'kachipinda kuseri kwa khitchini, kumene denga linkadontha ndipo chiswe chinkadya kuyambira pansi. Dokotala akafuna fayilo ya chaka chatha ndinkamubweretsera chikuto chokha, mkati muli dothi.

Chaka chimenecho akulu anga a Yohane anamwalira ndi matenda amene tinkangoti a masiku ano. Anali mkamwini kwa Mavwere, ndipo anasiya kumeneko mkazi wawo Felesiya ndi ana. Akulunu mukuwakumbuka amayi aakulu amenewo. Anali munthu yekhayo amene pakamwa panga sipankamuopsa. Akandipeza ndikulemba ankaima kumbuyo kwanga n'kunena kuti, "Alamu, dzanja lokongola chonchi, nkhope inalakwa chiyani?" Ine ndinkati, "Inaona inu." Ankaseka mpaka kugwira khoma. Atasiyidwa sanakhale pansi kudikira achibale. Ankamanga mtedza panjinga n'kudutsa njira za m'minda kukagulitsa ku Zambia, pobwera n'kutenga shuga ndi zitenje. Kwa anthu a kumeneko malire ndi mzere wa pakati pa munda ndi munda. Bambo ake a Felesiya anali a tsidya linalo, ndipo kumeneko kunali msuweni wake Dolika, mwana wa azakhali ake. Awiriwa ankafanana ngati anaumbidwa tsiku limodzi, mpata wa m'mano womwewo, kuyenda komweko.

Chaka chimene makompyuta anabwera

Makompyuta anabwera limodzi ndi mankhwala otalikitsa moyo. Anawaika m'chipinda cha odwala okhalitsa, mmene munkabwera a kachilombo ndi a khansa. Linali bokosi loti ukhudza pagalasi ndi chala, pambali pake kamakina kotulutsa kapepala ka timizere komata pa kabuku ka wodwala. Ukaunikira timizereto, dzina ndi mankhwala onse a munthuyo zinkaonekera. Ndinganene zoona, ndinachikonda chinthucho. Chiswe sichikanachidya, ndipo Anaphiri aja tsopano aliyense anali ndi nambala yake. Anandipatsa ine chifukwa a mapepala ankaopa kuchikhudza.

Anabwera kudzatiphunzitsa mayi wina wochokera ku Lilongwe. Anatiuza kuti tsiku lina zipatala zonse zidzalumikizana, moti munthu akabayidwa jakisoni kuno, dokotala wa ku Blantyre adzaona nthawi yomweyo. Ndinakweza dzanja.

"Nanga a ku Zambia?"

"Bambo, limenelo ndi dziko lina."

"Dziko lina kwa inu. Anthu a kuno amakagaitsa chimanga kumeneko."

Anthu anaseka, mayiyo anapitiriza phunziro. Tsiku lolumikizanalo ine ndinapuma ntchito lisanafike. Kompyuta yathu sinkalankhula ndi ina iliyonse, ngakhale ya chipatala cha mishoni chapafupi. Pakutha pa mwezi ndinkakopera zonse pa kafulashi, n'kukaika m'thumba la malaya, n'kukwera minibasi kukasiya ku Lilongwe. Kulumikizana kwake kunali ineyo, nditapanikizika pakati pa dengu la nkhuku ndi thumba la mbatata. Magetsi akazima tinkabwerera ku mapepala, akayaka n'kumalowetsa zimene takumbuka.

Woona odwala m'chipindacho anali a Sakala. Pa mabwana anga onse, amenewa okha ndi amene sindinawanene kumbali. Anali wamtali, wolankhula motsitsa, ndipo ankasamba m'manja ngakhale madzi akhale a m'ndowa. Ndi iwo amene anaona mwendo wa Felesiya. Iye anali atayamba kale mankhwala otalikitsa moyo kwa ife, ndipo tsiku lina anakweza chitenje kuwaonetsa mabala akuda amene anayamba kuphazi n'kumakwera, mwendo utatupa ngati mtondo. A Sakala anati ndi khansa ya pakhungu. Mankhwala amene tinali nawo anali jakisoni mmodzi wa mumtsempha, wobaya Lachinayi. Anandiuza poyera kuti ndi wofooka, amangochedwetsa matenda, ndipo amphamvu ali ku zipatala zazikulu kumene mzere wake munthu amafa asanafike kutsogolo. Ngakhale wofookayo ankasowa. Lachinayi lina odwala ankabwera kuchokera kutali, ena atanyamulidwa pangolo, ine n'kuwauza kuti mankhwala sanabwere, adzayesenso. Ntchito youza anthu zimenezo inali yanga, chifukwa a Gondwe ankati ndilibe chisoni pankhope.

Chilimwe cha chaka chotsatira

Mwadzidzidzi mwendo wa Felesiya unayamba kuphwa. Mabala anauma, anayambanso kupalasa njinga. A Sakala anasangalala, koma chisangalalo chawo sichinakhalitse. Tsitsi lake linayamba kuthothoka mpaka anamanga duku losavula. M'kamwa munatuluka zilonda, m'maso munayera. Tsiku lina akutuluka m'chipinda chathu, patapata inavuka n'kutsala pakhomo, iye n'kumapitabe ndi phazi limodzi losavala pa miyala yotentha. Sanamve.

A Sakala anamubweza n'kumubaya kuphazi ndi kansonga ka cholembera.

"Mukumva?"

"Mwayamba kale?"

"Mayi, pali mankhwala ena amene mukumwa? A kwa sing'anga, a kugolosale, alionse?"

"Ine ndine wa mpingo, adokotala. Mankhwala anga ndi anu omwewa."

Atatuluka, a Sakala anandiuza kuti ndiunike kabuku kake. Kompyuta inaonetsa zimene tinkadziwa kale, majakisoni athu ndi masabata amene tinalibe. "Zimenezi sizingathothole munthu tsitsi chonchi," anatero. "Koma ndikamusiyitsa, mabala abwerera. Lachinayi ndidzachepetsa pang'ono n'kumubaya."

Lamulungu ndinapalasa njinga kupita kwa Mavwere. Ndinamupeza atakhala pamphasa pansi pa nkhokwe, akuyesa kutong'ola chimanga koma zala zikukana kugwira. Pambali pake panali Dolika, amene atangondiona ananyamuka kupita kuseri kwa nyumba osandipatsa moni. Pa mkono wa Felesiya panali pulasitala watsopano, pamalo pamene ife sitinabayepo.

"Alamu, pulasitala uyo wachokera kuti?"

"Mwabwera kudzacheza kapena kudzalemba?"

"Ndabwera kudzafunsa."

Anaseka, koma kuseka kopanda mphamvu. Anandiuza zonse. Ku chipatala china cha ku Zambia kunali mankhwala amphamvu aja, a dilipi yofiira ngati sobo, ndipo nzika za kumeneko zinkalandira mosavuta. Dolika anamubwereka chitupa chake. Chithunzi chinali chakale, mpata wa m'mano unali womwewo, palibe anafunsa kawiri. Kumeneko anali Dolika, kuno Felesiya. A kumeneko sanawauze za jakisoni wathu, ngakhale za mankhwala otalikitsa moyo, poopa kuti amufunsa kumene amalandira. Dilipi yomaliza anali atalandira Lachisanu lapitalo.

"Ndiye wathuyu mukubayitsiranji? Bwanji osasiya?"

"Munda ukakula umalowa ndi makasu awiri, alamu. Komanso ndikasiya kubwera Lachinayi, a Sakala andifunsa. Akandichotsa m'kompyuta mwanumo, mankhwala enawo ndidzalandira kuti?"

"Mapazi anu afa. Magazi akutha. Mankhwala awa saphatikizidwa ngati ndiwo."

"Mwakhala dokotala liti, a Folomu 2?"

Anandibaya pamene ankadziwa kuti pamapweteka. Anandigwira dzanja ndi zala zake zozizirazo.

"Taonani mwendowu. Ndayenda nawo. Ndalima nawo. Mukanena, kumeneko anditsekera, Dolika amugwira. Lumbirani pa manda a akulu anu kuti simunena."

"Pa manda sindilumbira."

"Ndiye ingokhalani chete. Kapena mpaka lero simunaphunzire?"

Ndinabwerera osalonjeza kanthu. Amayi anu angakuuzeni kuti sabata imeneyo sindinkadya bwino. Ndinkadziuza kuti thupi ndi lake, dzina ndi la msuweni wake, ine ntchito yanga ndi kuunika timizere. Ndinkapempheranso kuti Lachinayi mankhwala asowe monga mwa masiku onse, nkhani ithe yokha. Koma sabata imeneyo galimoto inabwera, bokosi linadzaza.

Lachinayi Felesiya anali pa benchi, duku kumutu, atatsamira khoma chifukwa kukhala mowongoka kunkamutopetsa. Anandipatsa kabuku osandiyang'ana. Ndinakaunika, dzina linatuluka, zonse zili m'malo mwake, zonse zabodza. Pa khomo lotsegula ndinkaona a Sakala akuvala magulovesi n'kukoka mankhwala m'kabotolo. Ndinadzuka, ndinalowa, ndinatseka chitseko.

"Adokotala, musamubaye. Lachisanu analandira dilipi ku Zambia."

Anaika jakisoniyo pathebulo pang'onopang'ono. "Dilipi yanji?"

"Yofiira. Zina sindidziwa."

"Kangati?"

"Sindidziwa. Ingomusiyitsani wathuyu, kumeneko azipitabe. Nkhani ithere m'chipinda muno."

"Gelesoni, yofiirayo ili ndi muyeso wake, ukapyola imaononga mtima. Mwina mkati mwake muli ndi wathu yemweyu, ndiye kuti wakhala akulandira kawiri. A kumenekonso sakudziwa zimene ife tamupatsa, adzamuthiranso pamwamba pa magazi opanda kanthu. Ndiyenera kudziwa zimene anamupatsa, iwonso ayenera kudziwa zathu. Apo ayi mwezi uno satha."

Kuseri kwa nyumba yochapira kunali chulu pamene foni inkagwira netiweki ya ku Zambia. A Sakala anali ndi mnzawo ku chipatala chimenecho, amene anakumana naye pa msonkhano wina. Tinakwera pachulupo tonse awiri, dzuwa lili pamutu. Analankhula, anadikira, kenako anatseka foni ndi dzanja.

"Akuti Felesiya alibe. Kumeneko dzina lake ndani?"

Pamenepo ndiye panali povuta, ana inu, osati m'chipinda muja. M'chipinda ndinaimitsa jakisoni. Pachulu ndinkadziwa kuti ndikatchula dzinalo ndatseka khomo la mankhwala okhawo amene anaphwetsa mwendo wake. Ndikapanda kutchula, Lachisanu lina akanakamuthira dilipi anthu osadziwa kanthu. A Sakala sanandikakamize. Anangoima, foni ili m'manja, mayunitsi akutha.

"Dolika," ndinatero, n'kutchula ndi la bambo ake.

Mnzawoyo anapeza fayilo n'kuwerenga zonse, a Sakala akulemba pachikhatho. Zinali monga ankaopera. M'dilipimo munali mitundu ingapo, umodzi unali jakisoni wathu yemweyo. A Sakala nawo anamuuza zathu. Kenako ndinawamva akuchonderera, akuti ndi mayi wamasiye, akuti matenda alibe chitupa. Mnzawoyo anati iye sanena kupolisi, koma fayilo ya munthu mmodzi singanyamule matupi awiri, ndipo akuluakulu ake akadziwa ntchito imuthera. Mlendo wa dziko lina ali ndi njira yake yolandirira chithandizo molipira, njira imene tonse tinkadziwa kuti mayi wogulitsa mtedza sangaikwanitse.

A Sakala anamuitana Felesiya n'kumufotokozera okha, mofatsa, kuti thupi lake liyenera kupuma, kuti amuika magazi, kuti akanabayidwa tsiku limenelo mwina sakanafika kwawo. Iye anamvetsera mpaka kumapeto. Potuluka anaima pa thebulo langa n'kutambasula dzanja kuti ndimupatse kabuku kake.

"Zikomo, a kalaliki," anatero.

Sananditchulenso alamu kuyambira tsiku limenelo.

Madzulo ake ndinafuna kulowetsa m'kompyuta zimene zinali pachikhatho cha a Sakala. Panalibe polemba. Makinawo ankadziwa mankhwala a m'bokosi lathu okha, ndipo pa dzina panali mpata wa dzina limodzi. A Sakala anazikopera ndi cholembera m'mphepete mwa tsamba lina la fayilo, imene inapita kukachipinda kuseri kwa khitchini.

Dzinja la chaka chomwecho

Magazi anabwerera, zilonda za m'kamwa zinapola, tsitsi linayamba kumera. Mapazi anayamba kumva pang'ono, moti ankadziwa patapata ikavuka. Mvula yoyamba itagwa, mabala anabwereranso, ndipo ulendo uno anakwera mpaka m'ntchafu. A Sakala analemba kalata yomutumiza ku Lilongwe. Anapita, anamuuza tsiku lodzabweranso, anapitanso, anapeza mankhwala kulibe. Kumeneko kompyuta yawo sinkamudziwa, anamumatira timizere tina pa kabuku komweko n'kuyamba kumufunsa kuyambira pa dzina. Jakisoni wathu wofooka uja sakanamubayanso msanga chifukwa cha mapazi, ndipo pamene a Sakala anati tsopano tingayese, bokosi linali lopanda kanthu.

Ndinapita kukamuona chimanga chili m'mawondo. Munda wake unali thengo. Anali m'nyumba, akupuma movutika chifukwa matenda anali atafika m'chifuwa. Mwana wake wamkulu anandiimitsa pakhomo mpaka mayi ake ananena kuti ndilowe.

"Mwabwera ndi kompyuta yanu?"

"Ndabwera ndi shuga."

"Wa ku Malawi kapena wa ku Zambia? Mufunse kaye, angandiphe."

Ndinakhala pansi. Ndinamuuza kuti ndikanakhala chete akanafa chilimwe chomwe chija. Sindinanene mopepesa, chifukwa ndi zoona, ndipo a Sakala ananena chimodzimodzi mpaka tsiku limene anasamutsidwa.

"Mwina," anatero. "Koma ndikanafa ndikuyenda."

Mukandifunsa ngati ndikanachitanso, ndikanachitanso. Munthu sungaone jakisoni akukokedwa, ukudziwa zimene zili kale m'magazi, n'kukhala pa mpando. Koma musandiuze kuti ndinamupulumutsa. Zipatala ziwiri zoyandikana moti munthu amapalasa njinga m'mawa n'kubwerako dzuwa lisanapendeke zinalibe njira youzana zimene zathira m'thupi limodzi, kupatula kalaliki woswa chinsinsi cha mlamu wake ataima pachulu.

Anamwalira chimanga chisanakhwime. Pa maliro ana ake anandisiya ndikhale ndi alendo, kutali ndi achibale, ndipo pogawa ntchito za kumanda dzina langa silinatchulidwe. Titabwerako, anthu akusamba m'manja, Dolika anabwera kudzaima patsogolo panga. Kumuona kunali ngati amene tamukwirirayo watitsatira. Ndinayembekeza kuti anditukwana, ndipo ndinali wokonzeka. Koma analankhula motsitsa, kuti ena asamve.

Anati mwezi wapitawo anapita ku chipatala chija chifukwa ankamva kachotupa m'bere. Atapereka chitupa, namwino anatulutsa fayilo n'kumuuza kuti iye ndi wodwala khansa amene anathawa mankhwala, ndipo pachikuto pali mawu ofiira oti dzina limeneli lili ndi mlandu. Anamuuza adikire akuluakulu. Iye anatuluka ngati akupita kuchimbudzi, osabwereranso.

"Manje ine, a kalaliki," anatero, "ndidzabwereka dzina la ndani?"

M'kompyuta yathu Felesiya anali akadali wamoyo. Nambala yake inalipo, kabuku kake kanali m'nyumbamo, mpata wa m'mano unali womwewo. Dolika ankadziwa zimenezo, ndipo ndinaona m'maso mwake kuti n'zimene anadzera. Ndinamuuza kuti abwere Lachinayi ndi dzina lake lenileni, ndidzamulemba ngati wa kwa Mavwere, a Sakala adzamuona. Anandifunsa ngati Lachinayi limenelo mankhwala adzakhalapo. Ndinati sindikudziwa.

Lolemba m'mawa ndinayatsa kompyuta, ndinaitana nambala ya Felesiya, ndinakhudza pamene panalembedwa kuti wamwalira. Makinawo anafunsa ngati ndatsimikiza. Ndinakhudzanso.

Lachinayi ndinayang'ana pa benchi mpaka wodwala womaliza atatuluka. Dolika sanabwere.